Zaka 11 Pambuyo pa Opaleshoni ya Mafupa a Kakolo: Lipoti la Wodwala Mmodzi

Chiyambi

Odwala ambiri amene timawachita opaleshoni ya mafupa a kakolo timasiyana nawo pakatha miyezi itatu, fupa likangooneka kuti lagwirana ndipo munthu wataya ndodo. M'kabuku kawo ka kuchipatala timalembamo kuti achira, iwo amatithokoza, ndipo sitionananso. Mayi amene ndikufotokoza muno ndakhala ndikumuona modukizadukiza kwa zaka 11, kuyambira tsiku limene ndinathandizira dokotala wa mafupa pa opaleshoni yake monga clinical officer wa mafupa, kufikira miyezi yapitayi pamene anabweranso akutsimphina. Nkhani yake ndailemba chifukwa ikuonetsa zimene zimachitika mwendo ukachoka m'manja mwathu ndi kubwerera kumunda, komanso chifukwa cholakwika chaching'ono chimene chinachitika mu fiyeta, chimene ine ndinali nawo pochilekerera, chinatenga zaka zambiri kuti chionekere poyera. Mayiyu anavomera kuti nkhaniyi ilembedwe popanda kutchula dzina lake kapena mudzi wake.

Mmene anavulalira ndi njira imene anadzera

Pa nthawi yovulala anali ndi zaka 38, mayi wa ana anayi, mlimi wa chimanga amenenso ankagulitsa tomato wa kudimba pamsika wa pafupi ndi kwawo. Sankasuta fodya, analibe matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ndipo atayezedwa anapezeka kuti alibe kachilombo ka HIV. Ndikutchula izi koyambirira chifukwa fodya ndi shuga ndizo zimakonda kuchedwetsa kupola kwa bala ndi kugwirana kwa fupa, ndipo mwa mayiyu palibe chimodzi mwa izi chimene tingachiloze chala.

Anavulala m'nyengo ya mvula akuwoloka kamtsinje atasenza dengu la tomato. Phazi lamanja linakanirira pakati pa miyala, thupi linapotoloka ndi kulemera kwa katundu, ndipo anamva kulira m'kakolo asanagwe. Sanathe kupondanso. Achibale anamukweza panjinga kupita kuchipatala chaching'ono cha m'deralo, kumene kulibe makina ojambulira, ndipo anauzidwa kuti wangobinya. Anamumanga bandeji ndi kumupatsa panado. Malamulo a Ottawa, amene Ian Stiell ndi anzake anafalitsa ku Canada mu 1992, akanathandiza pano popanda chipangizo chilichonse: munthu amene akumva ululu pa kakolo, amene akulephera kuyenda masitepe anayi kapena akumva kuwawa mukasindikiza nsonga kapena m'mphepete mwa kumbuyo kwa chotupa cha fupa cha mbali iliyonse ya kakolo, ayenera kujambulidwa. Mayiyu anali ndi zizindikiro zonsezi.

Ataona kuti kutupa sikukuphwa anapita kwa sing'anga, amene anamutema mphini kuzungulira kakolo ndi kupakamo mankhwala akuda. Anafika kuchipatala cha boma pa tsiku la 9. Kumeneko anamujambula, anamugoneka ndi ketamine n'kuwongola phazi, anamuika chikhakha cha kumbuyo kokha kuti kutupa kupeze malo, kenako anamutumiza kwa ife.

Zimene tinapeza

Kakolo ndi mfundo ya mafupa atatu. Fupa lalikulu la msongolo, tibia, limapanga denga ndi khoma la m'kati; fupa lowonda la kunja, fibula, limapanga khoma la kunja; ndipo pakati pa makoma awiriwa pamakhala talus, fupa la phazi limene limasenza thupi lonse. Tibia ndi fibula zimamangidwa pamodzi chakumunsi ndi mitsempha yolimba yotchedwa syndesmosis. Amisiri a matabwa amamvetsa msanga ndikawauza kuti talus ili ngati mutu wa thabwa wolowa m'kamwa mwa thabwa linzake: kamwalo likangokula pang'ono, mpando umayamba kugwedera.

Mwa mayiyu fibula inathyoka pafupifupi masentimita 7 pamwamba pa mfundo, ndipo inaphwanyika tizidutswa titatu. Chotupa cha m'kati cha tibia chinadukiratu chopingasa, ndipo kumbuyo kwa tibia kunabenthuka kachidutswa kosakwana gawo limodzi mwa magawo anayi a denga la mfundo. Talus inali itasunthira kunja, ndipo mpata wa pakati pa tibia ndi fibula unali wotseguka. M'kagawidwe ka Danis ndi Weber uku ndi kuthyoka kwa mtundu C, kumene fibula imathyoka pamwamba pa syndesmosis. M'kagawidwe ka Niels Lauge-Hansen wa ku Denmark, kamene kanatuluka mu 1950, ndi gawo lachinayi la kuvulala kumene phazi lopendekera kunja limapotozedwa, mphamvu n'kuyambira m'kati, kudutsa kutsogolo ndi kunja, mpaka kukathera kumbuyo. Kuthyoka kotereku sikukhazikika m'chikhakha, ndipo panalibe kukayika kuti pafunika zitsulo.

Mitsempha ya magazi ya phazi inkagunda bwino ndipo zala zinkamva kukhudza. Khungu ndilo linatichedwetsa: mphini zina zinali ndendende pamzere umene mpeni uyenera kudutsa kumbali ya kunja, ndipo ziwiri zinkatuluka timadzi. Tinadikira kuti ziume ndiponso kuti khungu liyambe kuchita makwinya mukapinda phazi, chimene ndi chizindikiro chakuti kutupa kwaphwa mokwanira kuti bala lidzatsekeke. Titawonjezapo masiku odikira malo pa mndandanda wa ku fiyeta, opaleshoni inachitika pa tsiku la 19 chivulalireni.

Opaleshoni

Anamubaya jakisoni wa pamsana wochititsa dzanzi miyendo, tinamupatsa mankhwala opha tizilombo a ceftriaxone tisanacheke, ndipo tinamanga lamba woletsa magazi pantchafu. Titafika pa fibula tinapeza kuti thupi linali litayamba kale ntchito yake: tizidutswa tinali titamatidwa ndi mnofu wofewa umene umasanduka fupa latsopano, ndipo m'mphepete mwake munali mutasalala. Fupa lothyoka dzulo limakhala ndi mano amene amakuuza okha pomwe chidutswa chilichonse chiyenera kubwerera, monga mapale a mphika wongosweka kumene. Pa tsiku la 19 manowo amakhala atafufutika, ndipo kutalika kwenikweni kwa fupa umachita kuyerekeza. Tinakoka chidutswa cha kumunsi mpaka pamene tinaona kuti pakwana, ndipo tinamanga puleti yopyapyala ya mabowo 8 ndi masikuluwu a mamilimita 3.5, kudumpha malo ophwanyikawo. Kumbali ya m'kati tinachotsa kachikopa ka fupa kamene kanapindikira m'ming'alu, ndipo chotupacho tinachibwezera ndi masikuluwu awiri a mamilimita 4.0. Titakoka fibula ndi kambedza tinaona kuti ikutalikirana ndi tibia, choncho tinaipana ndi chopanira n'kudutsitsa sikuluwu imodzi kuchokera mu fibula kulowa mu tibia pamwamba pang'ono pa mfundo. Kachidutswa ka kumbuyo tinakasiya, monga mmene ambiri ankachitira kakakhala kakang'ono chotero.

Makina ojambulira mu fiyeta anali owonongeka sabata imeneyo, motero zonsezi tinachita ndi maso ndi zala. Chithunzi chinajambulidwa patatha masiku awiri, ndipo munthu wongoyang'ana mwachangu akanati ntchito yayenda bwino, pakuti zitsulo zinakhala mowongoka. Koma poyerekeza ndi kakolo wa kumanzere, nsonga ya fibula inali itakwera pafupifupi mamilimita atatu, ndipo mpata wa pakati pa talus ndi khoma la m'kati unali mamilimita 5, pamene suyenera kupitirira 4 kapena kuposa mpata wa pakati pa talus ndi denga. Tinakambirana zobwereranso ku fiyeta. Zifukwa zosabwererera zinali zomveka: khungu linali lofooka, kutsegulanso bala kukanaitana mafinya, ndipo mu wodi munali anthu a ngozi za pamsewu amene mafupa awo anali pamtunda akudikira malo omwewo. Ine ndinali mmodzi mwa amene ananena kuti tisiye. Sindinganene motsimikiza kuti tinalakwa kusatsegulanso sabata imeneyo, koma tinalakwa posalemba m'kabuku kake kuti fibula yafupika ndipo iyenera kuyang'anitsitsidwa. Tinangolemba kuti malo a mafupa ndi ovomerezeka.

Miyezi yoyamba

Kumunsi kwa bala la kunja kunanyowa kwa masiku angapo ndipo kunapola ndi kutsuka ndi mankhwala opha tizilombo a cloxacillin. Anatuluka ndi chikhakha chathunthu ndi ndodo ziwiri, atalangizidwa kuti asaponde kwa milungu 6. Pambuyo pake anandiuza kuti anayamba kuponda pa mlungu wachinayi, chifukwa ndodo sizigwira pamatope ndipo mwana wamng'ono ankafuna kuberekedwa. Sindikhulupirira kuti kuponda kumeneku ndiko kunawononga zinthu, popeza chithunzi cha pa mlungu wa 6 sichinasiyane ndi choyamba chija. Chikhakha chitachoka anabwera ku mafizo, kolimbitsa mwendo, kawiri kokha. Tinapangana kuti abwere pa mlungu wa 12 tidzachotse sikuluwu yopingasa ija, koma tsikulo linadutsa osaoneka, ndipo palibe amene anamutsatira.

Chaka chachiwiri ndi chachitatu

Anabweranso patatha zaka ziwiri chifukwa puleti inkamukhula akavala nsapato yotseka, ndiponso chifukwa anthu anamuuza kuti chitsulo chimachita dzimbiri m'thupi. Ankayenda osatsimphina moonekera, anali atabwerera kumsika, ndipo ululu ankaumva pokhapokha akamayenda m'mizere kapena panjira ya miyala. Madzulo kakolo ankatupa. Phazi linkapindikira m'mwamba madigiri 8 okha, pamene lamanzere linkafika 20. Chithunzi chinaonetsa kuti mafupa onse agwirana, sikuluwu yopingasa yaduka pakati, fibula ikadali yaifupi, ndipo mpata wa mfundo sunayambe kuchepa. Sikuluwu yoduka sinandidetse nkhawa, chifukwa fibula imayenera kusuntha pang'ono munthu akamayenda, ndipo odwala amene sikuluwu yawo yaduka kapena kukhwepa kawirikawiri sachita moipa kuposa amene inachotsedwa.

Tsikulo ndinamufunsa mafunso a Olerud ndi Molander, muyeso wa ku Sweden wa mu 1984 umene umapereka mapointi kuyambira 0 mpaka 100 pa zinthu 9: ululu, kuuma, kutupa, kukwera masitepe, kuthamanga, kudumpha, kunjuta, kugwiritsa ntchito chothandizira, ndi kagwiridwe ka ntchito. Anapeza 70, ndipo ndinakhutira nazo. Iye sanakhutire. Anati, "Adokotala, kuyenda ndikuyenda, koma kuchimbudzi ndimavutika, ndipo pamoto ndimakhala pansi ngati mwana." Ndinalemba dandaulo limeneli monga kuuma kwa mfundo ndi kumulembera mafizo.

Ndikayang'ana m'mbuyo, apa ndi pamene panali mpata weniweni. Fibula yogwirana ili yaifupi ikhoza kudulidwa mwadala, kutalikitsidwa, kupotozedwa kubwerera m'malo mwake ndi kumangidwanso, njira imene Weber ndi Simpson anaifotokoza mu 1985, ndipo imapindula kwambiri ikachitika nyamakazi isanakhazikike. Sindinamutumize kwa dokotala wa mafupa kuti aganizire zimenezi, chifukwa maso anga anali pa fupa logwirana ndi pa mapointi 70. M'chaka chachitatu tinachotsa puleti ndi masikuluwu, kusiya chidutswa cha sikuluwu yoduka m'kati mwa tibia. Kukhula kwa nsapato kunatha, koma kuuma ndi ululu wa m'kati sizinasinthe, monga ndinali nditamuchenjezera.

Chaka cha 6

Ulendo uno anadandaula kuti m'mawa kakolo amakhala wolimba mpaka atayendako pang'ono, ndipo akachoka kumsika amafika kunyumba akutsimphina. Chithunzi chojambulidwa ataimirira chinaonetsa kuti mpata wa mfundo wayamba kuchepa kumbali ya kunja, ndipo kutsogolo kwa tibia kwamera kamlomo ka fupa. Iyi inali nyamakazi yobwera chifukwa cha kuvulala, ya gawo 2 kapena 3 pa muyeso wa Kellgren ndi Lawrence, umene umayeza kukula kwa nyamakazi pachithunzi kuyambira 0 mpaka 4. Ndinamuonetsa kwa dokotala wa mafupa, amene anaona kuti kutalikitsa fibula kukanathekabe ngakhale phindu lake silinali lotsimikizika ngati kale. Mayiyu anakana, chifukwa mwamuna wake anali atapita kukagwira ntchito ku Johannesburg ndipo panalibe womusiyira ana ndi munda kwa miyezi itatu.

Chaka cha 11

Tsopano ali ndi zaka 49. Anasiya kusenza tomato kupita kumsika ndipo amagulitsa mandasi ndi zinthu zing'onozing'ono pakhomo. Ululu amaumva ngakhale panjira yosalala akayenda mtunda wochepera kilomita imodzi, koma usiku amagona. Amamanga kakolo ndi chidutswa cha chitenje akamapita kumunda. Kwa zaka ziwiri wakhala akumwa indocid kapena brufen wogula m'golosale pafupifupi tsiku lililonse, nthawi zina asanadye, ndipo akudandaula kutentha pamtima.

Akamayenda amalozetsa phazi lamanja kunja kuti apewe kupinda kakolo, ndipo chidendene chimanyamuka msanga. Katumba wa kumanja ndi wochepa ndi masentimita 2.5 poyerekeza ndi wa kumanzere. Phazi silipindikiranso m'mwamba kupitirira poimirira, ndipo kumunsi limapita madigiri 25. Atayang'ana khoma, chala chachikulu chitagunda khomalo, bondo lamanja silifika pakhoma chidendene chisananyamuke, pamene kumanzere limafika ngakhale phazi litatalikira masentimita 11. Mfundo ya pansi pa talus, imene imapendeketsa chidendene uku ndi uku, ikuyenda bwino ndipo siwawa. Zipsera zonse ziwiri n'zouma, palibe kutentha kapena kufiira, ndipo magazi sanaonetse chizindikiro cha matenda obisala m'fupa. Impso zikugwirabe ntchito bwino ngakhale wakhala akumwa indocid ndi brufen nthawi yaitali chotero. Pachithunzi, mpata wa mfundo watheratu kumbali ya kunja moti fupa likukhudza fupa, talus yapendekera kunja, fupa la pansi pa denga lalimba ndi kuyera, ndipo muli timabowo ting'onoting'ono. Limeneli ndi gawo 4, lomaliza pa muyeso wa Kellgren ndi Lawrence. Pa muyeso wa Olerud ndi Molander wapeza 35.

Kukambirana

Funso loyamba ndi lakuti mamilimita atatu angawononge bwanji mfundo yonse. Mu 1976 Ramsey ndi Hamilton anayeza pa mafupa a anthu omwalira ndipo anapeza kuti talus ikasunthira kunja milimita imodzi yokha, malo amene imakhudzana ndi tibia amachepa ndi 42 peresenti. Chaka chotsatira Yablon ndi anzake anaonetsa kuti talus imatsatira fibula kulikonse kumene yapita, kotero kuti fibula ikafupika kapena kupotoka, talus nayo imasiya malo ake ngakhale khoma la m'kati litamangidwa bwino chotani. Kulemera kwa thupi sikusintha, koma kumagwera pamalo ochepa, ndipo chicherewecherewe choterera chimene chimakuta nsonga za mafupa, chomwe pa kakolo ndi chopyapyala kale kuposa pa bondo, chimaperepeseka pang'onopang'ono. Mwa mayi amene amasenza chidebe cha malita 20 kuchokera kumjigo tsiku ndi tsiku, katundu ameneyu amawonjezekanso. Mbali imene inatha mwa wodwala wathu ndi ya kunja, ndendende kumene talus inasunthira, ndipo ichi ndicho chikundichititsa kukhulupirira kuti gwero lalikulu la nyamakaziyi ndi kufupika kwa fibula.

Sindikufuna kuika mlandu wonse pamenepo. Talus ikagubuduka pa nthawi ya ngozi imakhula ndi kubenthula chicherewecherewe, ndipo mayiyu anakhala masiku 9 phazi lili pamalo olakwika. Odwala ena amene mafupa awo anabwezeredwa mwaukatswiri amadwalabe nyamakazi chifukwa cha kuvulala koyambako, makamaka pamene kumbuyo kwa tibia kunabenthuka. Kachidutswa ka kumbuyo kamene tinakasiya kali ndi nkhani yakenso: mtsempha wa kumbuyo wa syndesmosis umagwira pa kachidutswa kameneka, ndipo madokotala ambiri masiku ano amakamanga ngakhale kali kakang'ono chifukwa kakabwerera pamalo pake kamakokera fibula m'ngalande yake. Komanso n'kutheka kuti chopanira chathu chinakankhira fibula kutsogolo kapena kumbuyo pang'ono. Gardner ndi anzake, atajambula ndi CT, makina oonetsa fupa mwatsatanetsatane kuposa chithunzi wamba, odwala 25 amene anamangidwa syndesmosis, anapeza mu 2006 kuti mwa 13 fibula sinakhale bwino m'malo mwake, ndipo ambiri mwa iwo sanaonekere pa zithunzi wamba. Ngati zimenezi zinkachitika kumene makina alipo, ife amene tinagwira ntchito ndi maso okha tilibe chifukwa chodzitama.

Kuchedwa kwa masiku 19 kunalumikiza zonsezi. Sikuti fupa lochedwa siligwirana, koma limabisa kutalika kwake. Kuchokera pa wodwala ameneyu, ndikamakonzekera kuthyoka kwa mtundu C kumene kwadutsa milungu iwiri, ndimapempha kuti kakolo wabwino ajambulidwenso tisanalowe mu fiyeta, kuti tikhale ndi chofanizira, ndipo ngati makina ojambulira sakugwira ntchito timatsegula kutsogolo kwa syndesmosis kuti tione ndi maso pamene fibula, tibia ndi talus zimakumana.

Funso lachiwiri ndi la nthawi. Nyamakazi ya bondo ndi ya m'chiuno kawirikawiri imabwera ndi ukalamba, koma ya kakolo, mwa odwala oposa awiri mwa atatu alionse, imachokera ku kuvulala kwakale. Kafukufuku wa Horisberger ndi anzake wa mu 2009 anapeza kuti kuchokera pa kuthyoka kufika pa nyamakazi yotheratu pamadutsa zaka pafupifupi 21 mukatenga pakatikati, ngakhale ena amafika msanga kwambiri. Tanthauzo lake kwa ife n'lakuti chithunzi cha pa mwezi wachitatu sichingatiuze ngati opaleshoni yapambana. Wodwala wathu anafika pa gawo lomaliza m'zaka 11, pafupifupi theka la nthawi imeneyo, ndipo m'mabuku a chipatala akuwerengedwabe pakati pa amene anachira opanda vuto.

Lachitatu ndi la muyeso umene timagwiritsa ntchito, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kutsindika. Pa mapointi 100 a Olerud ndi Molander, kunjuta kuli ndi 5 okha, chimodzimodzi ndi kudumpha, pamene kukwera masitepe kuli ndi 10. Kugawa kotereku n'komveka kwa munthu wa ku Uppsala ku Sweden amene chimbudzi chake n'chokhalira ndipo amaphika ataimirira. Mayi wathu alibe masitepe kunyumba kwake, moti funsolo ndinachita kulisandutsa la kukwera gombe la mtsinje, ndipo zoti adumphe sanaziganizirepo chiyambire ukulu wake. Koma amanjuta pachimbudzi chokumba, pamafuwa, pochapa, pothyola masamba, pobzala mbewu kudimba, posambitsa mwana. Kuyenda panjira yosalala kumafuna kuti phazi lipindikire m'mwamba madigiri pafupifupi 10, pamene kunjuta chidendene chili pansi kumafuna kuwirikiza pamenepo kangapo. Pa chaka chachiwiri, madigiri 8 aja ankamukwanira poyenda kulowa m'chipinda changa, n'chifukwa chake ndinaona munthu wochira, koma sankamukwanira pa theka la ntchito za tsiku lake. Dandaulo limene muyeso unalichotsera mapointi 5 ndilo linali chizindikiro choyamba chakuti talus sikulowa bwino m'kamwa mwake. Talus ndi yotambalala kutsogolo kuposa kumbuyo, ndipo phazi likamapindikira m'mwamba mbali yotambalalayo imafuna kuti fibula ipatuke ndi kutembenuka pang'ono; fibula yokhala molakwika imatseka njira imeneyi. Masiku ano wodwala aliyense wa kakolo ndimamupempha kuti anjute pamaso panga atagwira m'mphepete mwa bedi, ndipo ndimalemba masentimita a bondo ndi khoma m'kabuku kake ulendo uliwonse. Amene akulephera pa mwezi wa 6 ndimamujambulanso ataimirira, miyendo yonse iwiri.

Wina angafunse ngati chikhakha chokha sichikanachita chimodzimodzi. Kafukufuku wamkulu wa ku Britain wotchedwa AIM, amene anatuluka mu 2016, anapeza kuti mwa anthu opitirira zaka 60 chikhakha chomangidwa mothina bwino munthu atagonekedwa chinapereka zotsatira zofanana ndi opaleshoni pa miyezi 6. Koma amenewo anali achikulire, ndipo muyeso unali womwewu umene ndaudandaula. Kwa mayi wa zaka 38 amene syndesmosis yake inang'ambika ndipo ali ndi zaka makumi ambiri zolima patsogolo pake, opaleshoni inali yoyenera. Vuto linali la mmene fibula inakhalira, osati la kusankha kumuchita opaleshoni.

Chithandizo cha tsopano

Tinakhala pansi ndi mayiyu, mwana wake wamkazi wamkulu ndi dokotala wa mafupa. Kutalikitsa fibula sikungathandizenso chifukwa chicherewecherewe chatha. Kuika mfundo yochita kupanga sitichita kuchipatala chathu, ndipo ngakhale tikanachita, si njira yabwino kwa mlimi wa msinkhu wake amene talus yake yapendekera, chifukwa mfundo zoterezi zimatha ndi ntchito yolemetsa ndipo zimafuna opaleshoni ina yovuta. Chatsala ndi kumatiriza tibia ndi talus kuti zikhale fupa limodzi, phazi litakhala chowongoka ngati munthu waimirira, chidendene chitapendekera kunja madigiri pafupifupi 5, ndi zala zitaloza kunja pang'ono mofanana ndi phazi linalo. Opaleshoni imeneyi imachotsa ululu mwa ambiri, ndipo popeza mfundo zake za pansi pa talus ndi za pakati pa phazi n'zabwino, akhoza kuyenda bwino kuposa lero. Tinamuuzanso mosabisa kuti mfundo zoyandikanazo zidzasenza ntchito ya kakolo ndipo patapita zaka zambiri nazo zimayamba nyamakazi, kuti fupa nthawi zina limakana kugwirana, ndiponso kuti adzakhala m'chikhakha pafupifupi miyezi itatu, theka loyamba osaponda.

Funso lake loyamba linali lakuti, "Ndiye mukamata, ndidzanjuta?" Ndinamuyankha kuti chidendene chili pansi sadzanjutanso, kaya timate kaya tisamate, koma kuti ululu umene amamva akayesa udzachepa. Anakhala chete kanthawi, kenako anati avomera koma osati chaka chino: akufuna akolole kaye, ndipo mwana wake womaliza, amene akanamusamalira, ali ndi mayeso a kusukulu.

Pakadali pano tamusiyitsa indocid ndi brufen wa m'golosale, tamupatsa omeprazole wothetsa kutentha pamtima wa milungu inayi ndi panado womwa pa nthawi yake, ndi diclofenac wopaka pa masiku ovuta. A mafizo amuphunzitsa zolimbitsa katumba ndi kuimirira mwendo umodzi atagwira khoma. Wosoka nsapato wa pamsika wa kwawo wamuikira pansi pa nsapato yotseka chidutswa cha tayala chosemedwa mokhota ngati pansi pa bwato, kuti phazi lizigubuduka poyenda popanda kupinda kakolo, ndipo mlamu wake wamumangira mpando wa njerwa woboola pakati pamwamba pa dzenje la chimbudzi. Wayamba kuyenda ndi ndodo kudzanja lamanzere akamapita kutali. Tapangana kuti abwere pakatha miyezi 6 kudzajambulidwanso ndi kuyezedwa impso, ndipo ulendo uno ndalemba nambala ya foni ya mwana wake m'buku la kiliniki ndi kudziwitsa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo za tsikulo. Dzina lake laikidwa pa mndandanda wa opaleshoni za pambuyo pokolola.